Zikhomo Kuseri kwa Mpanda wa Yunivesite

Chikwangwani chija anachikhoma ndili mu Giredi 9, ndipo mpaka lero chili pompo, kungoti dzuwa lachisukulutsa. Anthu ojambulidwa pamenepo tsopano nkhope zawo n'zobiriwira ngati anadya chinthu chosagwirizana ndi m'mimba.

Pochokera kwathu ku Bertrams kupita kusukulu ndimadutsa m'mbali mwa yunivesite ina. Kumapeto kwake kunali bwalo la udzu lomwe ophunzira ankagonapo masana atatsamira mabuku. Tsiku lina tinangoona bwalolo alitchinga ndi mpanda wa malata, pampandapo apachika chithunzi chachikulu kuposa chipinda chathu: nyumba ya magalasi okhaokha, mitengo yometedwa bwino, anyamata ndi atsikana a makhoti oyera akuseka ngati padziko palibe mayeso. Pansi analemba m'Chingerezi kuti pamenepa pamangidwa nyumba yochitiramo kafukufuku ndi kuphunzitsiramo anthu ntchito, ndiponso kuti nyumba yakale ya njerwa zofiira yomwe ili pambali aikonzanso. Kumapeto kwenikweni, zilembo zikuluzikulu: Coming soon.

Abambo anga ndi mmisiri womanga. Ku Ntcheu akuti anamangako matchalitchi ndi nyumba za aphunzitsi, koma kuno ku Joni amaima pa loboti pafupi ndi sitolo ya simenti, atagwira katoni yolembedwa kuti builder, kudikira kuti baki, galimoto yonyamula katundu ya ofuna aganyu, iime. Tsiku lomwe anaona chikwangwanicho ndinawapeza pamenepo ndikuweruka.

"Tandiwerengera pansipo."

"Akuti coming soon, ababa. Posachedwa."

"Chingerezi ndikuchidziwa. Ndikufunsa kuti posachedwa wake ndi wa azungu kapena wa kwathu?"

"Ndi yunivesite iyi, ababa. Anthu ophunzira."

"Ndiye ndi wa azungu," anatero.

Chinawasangalatsa n'chakuti kapitawo wina, yemwe anamumangirapo mpanda kunyumba kwake, anali atawalonjeza kuti kampani yake ndi imene ipatsidwe ntchitoyo, ndipo ikangoyamba awatenga. Ntchito ya zaka, osati yoima pa loboti. Anandipatsa foni kuti ndiwajambule ataima patsogolo pa chithunzicho, chipande chomangira chili m'manja, n'kutumiza kumudzi kuti awa ndi malo anga atsopano a ntchito.

Ine poyamba sizinkandikhudza. Zinadzandikhudza chifukwa cha moni.

Kusukulu kwathu kuli tsiku lomwe aliyense amavala zakwawo n'kuphunzitsa anzake mawu a chilankhulo chake. Ine anandipatsa ntchito yophunzitsa kalasi moni waulemu wa Chichewa woti tikapereke kwa ahedi pa asembule. Ahedi athu ndi bambo wa mimba yomwe imalowa m'kalasi iwo akadali pakhonde. Ndinaphunzitsa anzanga mwakhama, mpaka Azulu ndi Akongo omwe anayamba kutchula ngati obadwira ku Dedza. Tsikulo tinaimirira tonse, manja pachifuwa, n'kunjata pang'ono: "Mimba yakula, bwana, mubereka liti?" Ahedi anawerama mwaulemu n'kuyankha monga ndinawauzira: "Posachedwa."

Zikanathera pomwepo, koma mayi wina wokolopa pasukulupo ndi wa ku Mulanje. Anaseka mpaka kukhala pansi pambali pa ndowa yake, ndipo ahedi anafuna kudziwa chomwe chikumuseketsa.

Amayi anga amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg. Amagona komweko, kwathu amabwera Loweruka masana n'kubwerera Lamlungu madzulo. Anawaitana kusukulu pakati pa sabata, kutanthauza kupempha madamu, kusintha matakisi m'tauni, n'kukaima pamaso pa mimba ija kupepesa. Titafika kunyumba sanandimenye. Bola akanandimenya.

"Mwana uyu Joni wamulowa m'mutu," anauza abambo, ine ndili pomwepo ngati kabati. "Apite kwa azakhali ake ku Ntcheu."

Ku Ntcheu ndinachokako ndili kumbuyo kwa amayi. Ndinapitakonso kamodzi ku maliro, ndipo ana akumeneko ankanditsata kulikonse kuti ndiyankhule, aseke. Azakhali angawo ndi mlongo wawo wa abambo, munthu wodzutsa ana kuti asese bwalo lomwe anasesa dzulo, amene amati mtsikana wovala buluku ndi chizindikiro cha masiku otsiriza. Kupita kumeneko kunalinso kubwerera m'mbuyo kalasi, kusiya anzanga, kusiya misewu yokhayo yomwe ndimaidziwa.

Abambo anayesa kundiwombola. "Amayi ake, vuto n'lakuti mwanayu amakhala yekha. Dikirani ayambe kumanga paja. Ndikalowa ntchito tipeza chipinda chachiwiri, inu musiye kugona kwa madamu, muzimuona nokha tsiku ndi tsiku."

"Akapanda kuyamba?"

"Ayamba. Analemba."

"Khirisimasi ikafika asanayambe, mwanayu akwera basi. Musadzati sindinanene."

Basi moyo wanga anaumangirira ku mpanda wa malata. Ndinapeza kabowo ka msomali pa lata lina, n'kumasuzumirapo popita ndi pobwera. Udzu. Mawa lake udzu. Mwezi wotsatira udzu womwewo utatalika, pakati pake pepala la pulasitiki. Atsikana a makhoti oyera aja ndinayamba kudana nawo ngati anthu enieni. Mmodzi ndinamujambula ndevu, koma anapitirizabe kuseka.

Nkhani tinkazimva kwa mlonda wa pageti la mbali imeneyo. Ameneyu anabadwira pa famu ku Zimbabwe, makolo ake a ku Dedza. Ku Malawi sanapondeko, koma Chichewa amachikoka ndithu, chosakaniza ndi Chishona. Abambo amati achimwene, ine ndimati ankolo. Sabata iliyonse ankolo anali ndi chifukwa chatsopano. Akuti tenda aibwereza. Akuti mapepala agona ku khonsolo. Akuti ophunzira akuchita zionetsero za fizi, akuluakulu sakutuluka m'maofesi. Akuti mkulu yemwe anayambitsa zimenezi wachoka, wabwera wina amene akufuna magalasi ayang'ane kwina. Kapitawo uja pafoni ankangoti, "Next month, madala, sharp."

Tsiku lina kunabweradi anthu. Anakhoma tenti, anayala mipando yovekedwa nsalu zoyera. Akuluakulu a masuti anavala zipewa zolimba za pantchito, zatsopano psuu, n'kugwira mafosholo onyezimira omangidwa riboni yapinki. Ndinathawa piriyodi yomaliza kuti ndione. Aliyense anatapa dothi lokwana supuni, anajambulidwa, anadya, anapita. Dzenje lomwe anakumba anthu onsewo nkhuku ikanachita nalo manyazi. Mmodzi akulowa m'galimoto ndinamufunsa mwaulemu kuti njerwa zibwera liti. Anandisisita pamutu, akuti akusangalala kuona mtsikana wokonda sayansi.

Ndinathamangirabe kunyumba kukauza abambo kuti ayamba. Iwo sanadzutse n'komwe mutu, anali kupala simenti pa chipande chawo.

"Zimenezo n'zachithunzi, mwanawe. Ukadzaona zikhomo pansi, chingwe atakoka, laimu atathira, ndiye udzandiuze. Zikhomo sakhomera chithunzi."

Anthu amati ine ndimaganiza zoipa. Sizoona. Ine ndimangomvetsera bwino akuluakulu akamayankhula.

Novembala anali atalowa, amayi atayamba kale kufunsa za mabasi ndi kuyeza chikwama chawo chakale ngati zovala zanga zingakwanemo. Kuseri kwa nyumba yomwe timachita lendi kuli mulu wa zinthu zakufa, mabedi othyoka ndi matabwa ena. Ndinatolamo timatabwa n'kutisongola ndi mpeni wa kukhitchini. Titaperewera ndinadula mtengo wa tsache la alandilodi, lija lofiira lomwe salola munthu kubwereka. Chingwe ndinatenga m'chikwama cha zida cha abambo, mpukutu wosungira, pamodzi ndi hamala. Riboni yapinki sindinabe, akuluakulu aja anaisiya okha ikuuluka mu udzu. Laimu ndinalibe, ndiye ndinatapa ufa.

Lamlungu masana makolo anatsalira ku msonkhano kutchalitchi. Ankolo anali m'kanyumba kawo, wailesi ya mpira ili pakhutu. Ndinakwawa pansi pa lata pamene agalu anakumba. Chithunzi chija ndinali nditachiloweza, ndiye ndinkadziwa kuti nyumbayo ndi yopindika ngati chigongono. Ndinakhoma, kukoka chingwe, kumanga, kuthira ufa m'mizere, riboni pa chikhomo chilichonse. Hamala ndinkamenya pokhapokha wailesi ikakuwa. Nditabwerera m'mbuyo kuti ndione, ndinadzipatsa ulemu ndekha.

Ndisanatuluke n'komwe nkhunda zinatera. Nkhunda za ku Joni sizidziwa manyazi. Maziko onse a kafukufuku zinawadya ine ndikuona. Koma zikhomo ndi chingwe zinatsala.

Lolemba sindinanene kanthu. Ndinadikira kuti abambo asuzumire okha. Madzulo ndinawapeza atameta ndevu, akupukuta levulo ndi sikweya yoyezera ngodya ngati mbale za alendo.

"Akhoma," anatero.

"Akhoma chiyani, ababa?"

"Iwe umadutsa pamenepo ndi maso kapena ndi makutu? Zikhomo."

"Zoona? Laimu athira?"

"Laimu adzathira tsiku lokumba, mvula ingamutsuke. Amadziwa ntchito anthu amenewa."

Ndinakasekera kubafa, mpopi nditatsegula.

Zomwe zinatsatira sindinazikonze ine. Abambo anauza anzawo a pa loboti, ndipo m'mawa mwake pageti panali mzere wa amuna, wina ndi wilibala, wina ndi fosholo, ena Amozambiki omwe anangomva panjira. Ankolo anaimbira ku ofesi kufunsa kuti anthuwa awauze chiyani. A ku ofesi anati ayenera kuti ndi a kontirakitala akhoma. Kapitawo uja, abambo atamuimbira, anati ayenera kuti ndi a khonsolo, ndiye kuti zayandikira. Otchetcha udzu atabwera anatchetcha mozungulira chikhomo chilichonse mosamala, pena kuzula ndi manja. Yunivesite yathunthu kulemekeza tsache la alandilodi.

Loweruka abambo anatenga amayi kukawaonetsa. Amayi anaika diso pa kabowo kanga, anakhalitsa.

"Timitengo timeneti?"

"Si timitengo, amayi ake. Nyumba yonse ili pamenepo. Chatsala n'kuikapo njerwa."

Amayi anangotembenuka n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Koma chikwama chija chinabwerera pansi pa bedi, Khirisimasi tinadyera ku Bertrams, ndipo Januwale atalowa anandigulira shati yasukulu yokulirapo. Ndinadziwa kuti ndapulumuka.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amafuna ndizimva nacho chisoni. Masiku a Khirisimasi omwewo, mzungu wina anaima pa loboti kufuna omanga oti apite nawo ku Polokwane, ntchito ya miyezi, pogona ndi chakudya zake. Anzawo anakwera baki. Abambo anakana, akuti angawaitane ku yunivesite iwo ali kutali. Januwale anauma. Masiku ambiri ankabwera katoni yawo ili m'khwapa, ndipo ndiwo zinali kabichi mpaka kabichiyo anayamba kutidziwa nkhope. Mtima unandiluma pang'ono, sindikana. Ndinamwa madzi, unasiya. Amene analemba coming soon si ine.

Geti silinatsegulidwe. Mzere wa amuna unafupika mpaka kutsala abambo okha. Mvula inanyowetsa chingwe, chinayamba kulendewera, ndipo zimenezi zinawapweteka kuposa kabichi. Anapempha ankolo kuti awalowetse, angoona pafupi.

Ndikuweruka tsiku limenelo ndinawapeza pageti akundidikira, chikwama cha zida chili pansi.

"Nyamula. Tiye."

Ankolo anatitsegulira akuyang'ana kumwamba.

Tinaima pa ngodya yoyamba. Abambo anaika sikweya pa chingwe. Pakati pa sikweyayo ndi chingwe pakanadutsa galu.

"Ngodya iyi anayeza ndi chiyani?"

"Kaya, ababa. Mwina ndi maso."

"Maso ake ngopindika." Anagwada n'kugwira mfundo. "Nanga iyi?"

Pamenepa ndi pomwe nzeru zinandiperewera: ndinali nditamanga mfundo ya mbuzi. Ndi kamangidwe ka kwawo kwa abambo, komangira mbuzi pachikhomo kudambo. Mbuzi ikakoka mfundo imalimba, munthu akakoka kansonga imamasuka yokha. Anandiphunzitsa pomanga chingwe choyanikira zovala, ndipo ine mfundo ina sindiidziwa. Anakoka kansonga, chingwe chinagwa mu udzu.

"Mu Joni monse muno omanga chonchi tilipo awiri, ndipo ine kulowa muno ndi lero."

Anazula chikhomo chofiira chija n'kuchitembenuzatembenuza.

"Alandilodi anatukwana nyumba yonse chifukwa cha tsache ili. Ine ndinakana Polokwane chifukwa cha tsache ili."

"Mukanapita ku Polokwane ine ndikanatsala ndi ndani? Bwenzi ndili ku Ntcheu ndikusesa."

"Usandiyankhe."

"Komanso munanena nokha kuti zikhomo..."

"Ndati usandiyankhe."

Anakhala pansi mu udzu, chikhomo chili m'manja. Ndinkadziwa zomwe zikuyenda m'mutu mwawo. Kuuza amayi kunali kundikweza basi sabata yomweyo. Kunalinso kuvomera pa loboti, kutchalitchi ndi kumudzi komwe anatumiza chithunzi, kuti mmisiri wa matchalitchi anaimika anthu pamzere chifukwa cha mwana wamkazi ndi mpeni wa kukhitchini. Anayang'ana kumbuyo kwa chikwangwani, komwe kulibe magalasi kapena makhoti oyera, matabwa ndi misomali yadzimbiri basi.

"Chikundiwawa n'chakuti ndinawayamikira," anatero. "Ndinati amadziwa ntchito."

Ndinaluma mlomo.

"Ukaseka ndikukwirira m'maziko akowa." Anaimirira n'kusasa buluku. "Gwira uku. Chingwe changa sichingakhale pagulu chitapindika chonchi. Anthu amasuzumira."

Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Ngodya iliyonse anaiwongola, zikhomo zowola anasintha, n'kundionetsa mmene amayezera mopingasa kuti nyumba isakhale ngati katoni yopondedwa. Riboni inali itayera ndi dzuwa, ndiye anatulutsa sanza yomwe amapukutira zida, kuing'amba timizere, n'kumanga pa chikhomo chilichonse. Potuluka ankolo anati, "Ini sindinaone chinthu, ndikumvera bhora." Linali Lachitatu, wailesi ikunena za nyengo.

Chilango changa chinali chakuti Loweruka lililonse akapeza ganyu ndizipita nawo kukasakaniza simenti. Sindinadandaule. Kusakaniza simenti ku Joni n'kwabwino kuposa kusesa ku Ntcheu.

Amayi anadzasuzumiranso patapita masabata, tikuchokera kutchalitchi. Abambo anali kalikiliki kufotokoza kuti taonani awongola chingwe, ndiye kuti zinthu zikuyenda. Amayi anachotsa diso pa kabowo, kulipukuta, n'kuliikanso.

"Abambo ake."

"Ee."

"Yunivesite imeneyi inabwera liti ku ukwati wa mng'ono wanga ku Balaka?"

Sanza ija inali chitenje chawo chakale, cha yunifolomu ya paukwatiwo, cha mbalame zachikasu, chomwe anapatsa abambo kuti azipukutira zida. Mbalame zachikasu zinali kupepeluka pa ngodya iliyonse ya nyumba ya kafukufuku.

Tinabwerera amayi ali patsogolo. Kunyumba amayi anavula nsapato, anakhala pabedi, n'kutiyang'ana tonse awiri titaima pakhomo ngati ochedwa kusukulu. Abambo anayamba kunena kuti iwo anangowongola. Ine ndinati ndinangokhoma. Amayi anayang'ana abambo, kenako ine.

"Ndiye basi ija, amama?" ndinafunsa, chifukwa ine ndimakonda kudziwiratu.

"Ndikutumize kwa ndani? Azakhali ako ndi mlongo wa awa. Mimba imodzi. Ine ndimayesa Joni ndiye wakuwononga, kani matendawa anachokera ku Ntcheu konko." Anapukusa mutu. "Khalani pompano nonse, ndizikupezani malo amodzi. Mmodzi akasowa ndizidziwa kuti ali kuseri kwa lata ndi mnzake."

Amayi sanawayankhule abambo kwa nthawi ndithu, ndipo ine ananditengera kwa alandilodi kukapepesa. Ndinapepesa bwino kwambiri, ndi kunjata komwe.

Nyumba yakale ya njerwa zofiira anayambadi kuikonza chaka chathachi. Inabwera kampani ina, osati ya kapitawo uja, ndi anthu ake pa lole, ndipo pageti ankafuna mapepala omwe abambo alibe. Anaima tsidya la msewu kuonera anyamata akupaka pulasitala, dzanja lawo likuyenda lokha m'mwamba. Foni ya kapitawo siyankhidwanso. Chipinda chachiwiri kulibe, amayi akugonabe ku Randburg, abambo akadali pa loboti ndi katoni yatsopano poti yakale inanyowa.

Pabwalo paja ndimasuzumirabe. Zikhomo zina zinagwa, koma chofiira chija chili chilili, ndipo otchetcha amachizungulirabe. Mwezi watha ndinaona mnyamata wa makina oyezera malo, aja a miyendo itatu, ataima pafupi nacho akukanda m'mutu. Mnzanga wina akuti tsiku lina adzandigwira. Andigwire. Ndidzawafunsa kuti pabwalo lonselo, chilembereni posachedwa wawoyo, ndani wina anakhomapo kanthu kupatula ine ndi abambo anga.